Nazale ya Andireya

Woyamba kuona anali Elifala, ndipo akanakonda kuti woyambayo akhale wina. Unali m'mawa wa Lachiwiri, mwezi wa Okutobala chaka cha 1977, dzuwa lisanatuluke kuseri kwa mapiri a ku Ntchisi. Anatsikira kudimba ndi keni yake yothiririra monga mwa masiku onse, ndipo podutsa pamalire phazi lake linalowa m'dothi lofewa. Anawerama n'kukhudza. Mabedi onse asanu ndi limodzi a nazale ya fodya ya Andireya anali onyowa, timbande titaimirira bwinobwino, pamene mwini wake anali atatha masiku anayi ali kosadziwika.

Dimba la m'dambo la Kaphande, kumunsi kwa Nachisaka, linali la mudzi wonse. Banja lililonse linali ndi chigawo chake, malire ali mzere wa nzimbe kapena wa nthochi, chitsime chili chimodzi pakati. M'chilimwe anthu ankaswera komweko, amayi ali pa mpiru ndi matimati, amuna ali pa nazale, miseche ikuyenda kuchokera bedi ili kufika bedi ilo mofulumira kuposa madzi. Panali lamulo limodzi limene palibe amene analilemba: munthu akadwala kapena akapita kumaliro akutali, wa m'malire mwake ndiye ankamuthirira, osadikira kupemphedwa. Wa m'malire wa Andireya anali Elifala. Anakulira limodzi, mbuzi anawetera limodzi, ndipo chaka chimene Elifala anathyoka mwendo atagwa pa ngolo, Andireya anamuthirira miyezi iwiri yathunthu osadandaula ngakhale tsiku limodzi.

Tsoka la Andireya linali pakamwa. Ananena pamowa kuti fodya wa chaka chimenecho sanamugulire ngakhale bulangete, wina n'kuwanyamula mawuwo kukawatula kumene mawu sabwerako. Lachisanu kunabwera galimoto, ndipo Andireya anakwera alibe nsapato. Loweruka a Enoki, wapampando wa nthambi ya chipani, anaima pachitsime n'kulengeza kuti chigawo cha woukira chiume, ndipo mkazi wake Roza asapondenso m'dimbamo.

"Amene athirire pamenepo ndiye kuti watiuza yekha mbali imene ali," anatero a Enoki. Kenaka anatembenukira kwa Elifala. "Inu a m'malire, paja mumagwirizana naye kwambiri, eti?"

"Ine? Timangopatsana moni basi," anayankha Elifala.

Ananena mokweza, anthu onse akumva. Choncho m'mawa wa Lachiwiri uja, ataona kunyowako, sanayamike Mulungu ayi. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutapa dothi louma la m'njira, n'kuyamba kuwaza pamwamba pa mabedi a mnzake kuti anthu asaone. Munthu wamkulu, wa ana anayi, akukwirira madzi ngati mphaka. Manyazi anamugwira ali pabedi lachiwiri, koma anamaliza onse.

Sizinathandize. Lachitatu mabedi anali onyowanso, Lachinayi chimodzimodzi, ndipo nazale ya Andireya inayamba kubiriwira kuposa za anthu amene ankathirira masana. Mudzi unagawikana. Ena ankati Andireya anafera m'manja mwa amene anamutenga, ndipo mzimu wake ukubwerera chifukwa munthu wa fodya sasiya nazale. Mayi wina analumbira kuti anamva chifuwa chake chija m'nthochi. Koma ambiri ankanong'onezana zina, ndipo Elifala anazidziwira pa moni. Akuluakulu amene kale ankangomukwezera dzanja anayamba kumugwira dzanja nthawi yaitali, akumuyang'ana m'maso. Tsiku lina anapeza mtolo wa anyezi utaikidwa pamutu pa bedi lake. Mudzi unali utagamula kuti wothirira usiku ndi iyeyo, mwamuna wolimba mtima amene ananamiza a Enoki pachitsime kuti ateteze mnzake.

Lachisanu madzulo Roza anabwera. Sanadzere pabwalo, anazungulira kuseri kwa nkhokwe, akuyenda pang'onopang'ono chifukwa anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. M'chitenje anali atabisa nkhuku yathadzi.

"Alamu," ananong'ona, atagwada movutikira, "musayankhe kanthu, makoma ali ndi makutu. Fodya ameneyu akafa, ine ndi ana tilibe pogwira. Ana ndawauza kuti asalire, bambo awo adasiya mnzawo pamudzi pano."

Elifala anatsegula pakamwa. Mawu oona anali pafupi, anali pa lilime penipeni, koma amene anatuluka anali ena. "Musadandaule, amake Monika. Ndi zazing'ono izi."

Analandira nkhukuyo ndi manja awiri. Mkazi wake Faines, amene anamva zonse ali kukhitchini, anadikira kuti Roza apite.

"Nkhuku imeneyo ine sindiphika," anatero Faines. "Usiku wonse mumagona pambali pangapa ngati chipika, mkonono uli pakamwa. Mumathirira nthawi yanji, kutulo?"

Nkhukuyo anaimangirira pamwendo wa nkhokwe, ndipo nthawi iliyonse ikalira, Elifala ankamva ngati ikumutchula dzina.

Mphekesera zinafika kwa a Enoki. Anamupeza Elifala pachitsime n'kumukokera pambali, akumwetulira ndi mano okha. "Anthu akukutchulani, a Elifala. Ine sindikhulupirira za mizukwa. Mukagone kudimba, mutigwirire munthuyo. Mukalephera, ndiye kuti tamupeza kale."

Usiku woyamba Elifala analowa m'kamsasa kolonderamo nguluwe, kamene kanali pachulu moyang'anana ndi chigawo cha Andireya. Mwezi unali usanatuluke. Mdima wa m'dambo ndi wolemera, umanunkha matope ndi masamba owola, ndipo munthu ukakhalamo nthawi yaitali umayamba kumva mtima wako ngati mapazi a munthu wina. Achule ankalira kuchitsime, nkhululu zikuyankha m'udzu. Kenaka, nthawi imene tambala woyamba anali asanaganize n'komwe zolira, achule onse anangoti zii nthawi imodzi. Elifala anamva chingwe chikukhula pamtanda wa chitsime, pang'onopang'ono, ndowa ikugunda m'mbali. Panadutsa kanthawi. Kenaka kumtunda, cha kunthochi, kunamveka kulira kwa chitsulo, kwii, kwii, motsatana ndi mapazi. Keni ya Andireya inali ndi chogwirira chomanga ndi waya, ndipo dimba lonse linkaidziwa ndi kulira kumeneko. Elifala anafunda bulangete kumutu n'kukhala choncho mpaka kunja kunayera.

Usiku wachiwiri mwezi unatuluka mochedwa, wodukaduka, ndipo anaona. Pakati pa mabedi akumunsi panali chinthu chachitali chovala chikhoti chakuda chofika m'mawondo, chikhoti chimene Andireya anabwera nacho kuchokera ku migodi. Chinkayenda mowerama, chikaima, chikayendanso. Nkhope sinkaoneka. Elifala anayesa kupemphera, koma anapeza kuti sakupempha kuti chinthucho chichoke. Ankapempha kuti chisatembenuke, chifukwa chikanatembenuka chikanamufunsa za moni uja. M'mawa anauza a Enoki kuti tulo tinamuba.

"Mwatsala ndi usiku umodzi," anatero a Enoki.

Tsiku limenelo Elifala sanadye. Anadutsa pakhomo pa Andireya n'kuona ana atakhala pakhonde, ndipo wamkulu, Monika, anaimirira n'kumugwadira ndi ulemu umene sanaupatsidwepo ndi mwana aliyense. Pamenepo m'pamene anatopa. Mantha anali akadalipo, koma manyazi anali atawaposa msinkhu. Anaganiza kuti ngati ndi mzimu wa mnzake, aupepese pamaso, umuchite chimene ungamuchite.

Usiku wachitatu kunali mphepo yozizira yochokera kumapiri, masamba a nthochi akukhulana ngati anthu akunong'onezana. Achule atasiya kulira, Elifala anatuluka m'kamsasa natsika pachulu. Chikhoti chija chinali pabedi lakumunsi kwenikweni, chitamufulatira. Anayandikira mpaka anamva kupuma kwake, kupuma kolemera kwa munthu wotopa.

"Andireya," anatero. "Ndine."

Chinthucho chinadzidzimuka, madzi n'kutayika. Chitatembenuka, mwezi unawala pankhope ya Roza. Chikhoti cha mwamuna wake sichinkatsekeka pamimba, ndipo m'manja anali ndi mtsuko wadothi ndi kachikho kowazira madzi.

"Alamu, mwandiopsa," ananong'ona, dzanja lili pachifuwa. Kenaka anaseka pang'ono, kuseka kwa mpumulo. "Ndimadziwa kuti tsiku lina tidzakumana. Chikhotichi ndimavala kuti wondiona athawe."

"Ndinu amene mumathirira?"

"Atatu akumunsiwa. Msana sundilola kupitirira apa. Tsiku loyamba ndidalira, ndimati akumtundawo angofa. Koma nditakwera kuti ndikawaone ndidapeza mwathirira kale. Usiku uliwonse ndimakumvani, keni ikulira kunthochiko, koma ndimati ndisakuitaneni, mungachite mantha kuti ndakuonani." Anapukuta nkhope ndi mkono wa chikhoti. "Kodi keni yawoyo mudaipeza kuti? Ine ndidaifuna m'nyumba monse."

Elifala anayang'ana kumtunda. Mabedi atatu a kunthochi ankanyezimira ndi madzi pa kuwala kwa mwezi, ndipo iye anali atayang'anira chitsime usiku wonse osaona munthu wina akutungapo kupatula wachikhotiyu. Apa panali njira yosavuta, yoti angovomera, mayiyu apite kwawo ndi mtima wokhazikika, dzina lake la ulemu likhale pomwepo. Anali atanama kale kawiri, kachitatu sikakanavuta.

"Amake Monika," anatero, maso ali pansi. "Si ine."

"Mukuti bwanji?"

"Sindidathirepo ngakhale dontho. Tsiku loyamba ndidachita kukwirira ndi dothi kuti anthu asaone. Zija ndidanena pachitsime sizidali zonamiza a Enoki ayi, mnzanga ndidamukanadi. Nkhuku yanu ndidalandira yaulere. Muno ndabwera chifukwa andituma kuti ndigwire wothirira."

Roza sanatukwane, sanalire. Anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo Elifala anaona nkhope yake ikusintha pang'onopang'ono pamene ankawerenga m'mutu anthu a m'mudzimo, mmodzimmodzi, kufuna wina amene akanatha kuchita zimenezi, osamupeza. Kenaka mayiyo anatembenuza mutu kuyang'ana kunthochi. Mphepo inali italeka, koma tsamba limodzi linkagwedezekabe, ndipo kuseri kwake kunkamveka madzi akuwazika padothi, modekha, mmene amathirira munthu wodziwa kuti mbande za fodya sizifuna kuthiridwa mwamphamvu.

"Ndiye kuti adapita," anatero Roza motsitsa, osauza Elifala. "Wamoyo sakadabwera chonchi."

"Tiyeni tichoke," ananong'ona Elifala. "Ndikuperekezeni. Mawa ndithirira ine, masana, a Enoki akuona. Patseni mtsukowo."

Anatambasula manja, koma Roza anaukumbatira mtsukowo pamimba n'kubwerera m'mbuyo kuti asamukhudze.

"Siyani, a Elifala," anatero, ndipo sanamutchenso alamu. "Wa m'malire ndili naye."

Anakoka chikhoti n'kuyamba kukwera pakati pa mabedi, pang'onopang'ono, kulunjika kumdima wa nthochi kumene madzi ankamvekera. Sanacheuke. Elifala anaima pamalire manja ali lende, akumva mayiyo akuitana motsitsa, "Bambo a Monika, bambo a Monika," ndipo anadziwa kuti pa awiri amene anali m'dimbamo usiku umenewo, Roza anasankha amene sankamuchititsa nseru.