Mboni ya Lamulungu

Nkhani iyi si yopeka. Wokayika akafunse Fiskani, yemwe ankagwira shifiti imodzi ndi Magdalena kunyumba yosamalira okalamba ku Dún Laoghaire, kuno kudziko la azungu. Fiskaniyo ndi munthu woseka chilichonse, maliro omwe, koma ukatchula chipinda chakumapeto chija amangoti, "Aise, zisiye zimenezo."

Magdalena, mayi wa ku Zomba, ankasamalira a Devaney a m'chipindamo, nkhalamba ya konkuno imene matenda a mtima anali ataimaliza. Zala zawo zinali zitapindika ndi nyamakazi, supuni yomwe sankatha kuigwira. Analibe mkazi, analibe mwana, panalibenso wobwera kudzawazonda. Koma Lamulungu lililonse nthawi ikamayandikira 3 koloko, ankapempha kuti awakhazike tsonga, ndipo Magdalena akhale pampando wapakona.

"Musachoke, mwana wanga. Mukachoka sabwera."

"Ndani, agogo?"

"Amayi."

Magdalena ankangoti ndi ukalamba. Ankakhala ndithu, poti miyendo nayo inkafuna kupuma.

Tsiku lina akuwameta ndevu, a Devaney anamuululira. Bambo awo anali Mkatolika, mayi awo Mpulotesitanti. Bambowo atamwalira, azakhali awo, a Nuala, anakasuma ku Khothi Lalikulu kuti mwana wa mchimwene wawo asakulire mumpingo wa eni. Munali mu 1953. Jaji anagamula kuti mwana akhale kwa azakhali. Mayi ake azimuona Lamulungu lokha, ola limodzi, pamaso pa mboni, osamukhudza, mpaka khothi lidzasinthe maganizo. Ndipo khothi silinasinthe.

"Azakhali ankakhala pakona akuluka juzi," anatero a Devaney. "Masingano aja, ke, ke, ke. Maso ali pa ife, kuphethira komwe ayi. Amayi ankaima pakhomo chipeso chili m'manja, poti tsitsi langa linali nyankhalala. Sanandipese ndi tsiku limodzi lomwe. Anamwalira chipesocho chili m'thumba la jasi."

Magdalena anamva kuwawa mpaka m'mafupa. Naye anali ndi mwana, Mwaiwawo, amene anamusiya kwa achemwali ake ku Chinamwali asanaguluke ndi dzino limodzi lomwe. Mapepala a Magdalena okhalira m'dziko muno anali asanatuluke, choncho mwanayo ankangomuona pafoni. Chimene ankapempha Mulungu tsiku ndi tsiku chinali chimodzi, kudzamukumbatira Mwaiwawo. Za kuona mwana wako osamukhudza sankafunika kuuzidwa ndi mzungu.

Itafika nyengo yozizira, pamene mdima umagwa anthu asanaweruke, Magdalena anayamba kuzindikira zinthu. Ikakwana 3 koloko, mbalame za kunyanja zolira ngati makanda zinkangoti zii. Kenako m'chipindamo munkamveka fungo la jasi yaubweya yonyowa ndi mvula, losakanikira ndi sopo wakale wochapira. Pakhomo pankaoneka madzi, mapazi awiri a nsapato zazing'ono, oyang'ana kubedi. Mapaziwo sankadutsa pamenepo. Fiskani anakolopapo kangapo akudandaula, "Kodi ndani akumabwera ndi matope muno?"

Lamulungu lina belu la chipinda china linalira, Magdalena n'kunyamuka kukayankha. Atangotuluka anamva nsapato zikuchoka pang'onopang'ono, kulowera kumasitepe. Anacheuka. Munalibe munthu. Pobwerera anapeza a Devaney akulira ngati mwana.

"Amamvera lamulo," anatero. "Popanda mboni saloledwa."

Chakumayambiriro kwa Disembala adokotala ananena kuti kwatsala masiku. Lamulungu limenelo a Devaney anamugwira Magdalena dzanja ndi zala zawo zopindika zija.

"Lero ndikupempha chinthu chimodzi. Mukhale, koma muyang'ane kumbali."

Magdalena anachita mantha. Kwawo ngakhale mwana amadziwa kuti wakufa akagwira wamoyo, sabwerera yekha. Ndipo mlandu wa eni, woweruzidwa iye asanabadwe, anali ndani kuti aulowerere?

"Nanga lamulo lija, agogo?"

"Azakhali anali mboni yabwino. Inu mukhale yoipa."

Magdalena anaganiza za mayi uja, zaka zonsezi ali chiimire pakhomo ndi chipeso. Anaganizanso za tsitsi la Mwaiwawo, limene amaluka ndi achemwali. Anakakhala pakona paja.

Mbalame zinaleka kulira. Fungo linafika. Madzi anayamba kudontha pakhomo, tho, tho.

Magdalena anatembenuza mpando, nayang'ana katani.

Poyamba kunali zii. Kenako nsapato inaponda mkati. Inaima, ngati ikudikira kukalipiridwa. Inapondanso. Mphepo yozizira inamudutsa pakhosi. Bedi linalira, kusonyeza kuti wina wakhalapo. Madzi a m'beseni anagwedezeka. Ndiye kunamveka chipeso chikuyenda m'tsitsi, pang'onopang'ono, ndi mawu a mayi akung'ung'udza kanyimbo kosadziwika.

"Amayi," anatero a Devaney. Mawuwo sanali a nkhalamba.

Magdalena anagwira korona wopempherera m'thumba la yunifomu. Khosi linkafuna kutembenuka lokha. Sanalole. Anamva nsapato zikutuluka, ndipo amalumbira mpaka lero kuti zinali za anthu awiri.

Fiskani ndiye anamupeza ali chikhalire, maso ali pakatani. A Devaney anali atatisiya. Tsitsi lawo linali lonyowa, lopesedwa bwino, mzere wowongoka uli kumanzere. Kumapazi anali atavala nsapato zawo zakutchalitchi, zimene zinakhala m'kabati chaka chonse, zingwe zili zomanga zolimba. Zala zija sizikanatha kumanga zingwezo. Chipeso cha m'chipindamo chinali m'dirowa, chouma.

Bambo Edward, wansembe wa ku Dedza amene amatumikira ku parishi yapafupi, anabwera kudzapemphera. Atamva zonse anawaza madzi odalitsa pakhomo, n'kutembenukira kwa Magdalena. "Mwachita zachifundo," anatero. "Koma muzipemphera."

Lamulungu lotsatira Magdalena anali pa ofu, m'kachipinda kake ku Clondalkin. Anaimbira Mwaiwawo pavidiyo. Mwanayo ankamuonetsa malikisi a mayeso, akuseka, kenako anasiya kuseka.

"Amayi, muli ndi alendo?"

"Ayi, ndili ndekha."

"Nanga agogo achizungu akuluka pakonawo? Akungokuyang'anani. Bwanji sakuphethira?"

Magdalena sanacheuke. Kumbuyo kwake anamva ke, ke, ke. Ola litatha, foni inaduka yokha.

Kuyambira pamenepo akaimbira mwanayo tsiku lina lililonse, foni silowa. Achemwali ake amawapeza, amalume ake amawapeza, koma akangoti mupatseni Mwaiwawo, mawu amatha. Imalowa Lamulungu lokha, 3 koloko, ola limodzi. Anasintha foni, anasintha nambala, anasamuka nyumba. Fiskani anamubwereka yake, zinali chimodzimodzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanasekenso za nkhaniyi.

Mapepala aja anatuluka chaka chatha. Mwaiwawo akhoza kubwera nthawi ina iliyonse, ndipo Lamulungu lililonse amafunsa kuti, "Amayi, mudzanditenga liti?" Tikiti Magdalena sanagulebe. Akuti sakudziwa chimene chidzachitike pa eyapoti paja, mwana wake akadzathamanga atatambasula manja.