Pulawo Inapita ndi Leveni

M'dera la kwa Zingalume, chaka cha 1956, banja la a Agostino linali la mtendere. Anali ndi ng'ombe ziwiri zolimira ndi pulawo imene anagula atasunga ndalama za nsawa kwa zaka zitatu. Akazi awo, a Regina, ndiwo ankayambitsa nyimbo m'katchalitchi ka m'mudzimo. Mwana wawo Yoweli anali mnyamata womvera, wa mutu wakuthwa pa masamu, ndipo anali atatomera Imelda, namwali wa kutsidya kwa dambo. Ukwati unali woti uchitike akakolola.

Mwezi wa Ogasiti kunabwera Whiteson kuchokera ku migodi ya malasha ku Wanki. Anabwera ndi njinga yatsopano ndi mpukutu wa makhadi. Lamulungu lililonse anthu akatuluka m'tchalitchi, iye ankayala thumba kuseri kwa sitolo n'kuitana anyamata.

"Mphwanga, ndamva kuti masamu ndi ako," anatero kwa Yoweli. "Iyi si njuga ya zitsiru ayi. Dzina lake ndi twente-wani. Ine ndine wogawa. Iwe ufike pafupi ndi twente-wani kuposa ine, koma ukapitirira wapsa. Mfumu, mfumukazi ndi jeke, aliyense ndi teni. Esi ndi wani kapena leveni, mmene wafunira. Ukafuna khadi lina uziti 'onjeza', ukakhutira uziti 'ndaima'."

Anayamba kuseweretsa mitengo ya machesi. Pofika Lamulungu lachitatu Yoweli anali atagwira nzeru zonse zimene Whiteson ankanena. Ukafika pa seventini, ima. Khadi looneka la wogawa likakhala faifi kapena sikisi, ima ngakhale uli ndi thweluvu, umusiye apse yekha. Ukalandira ma esi awiri kapena ma eyiti awiri, uwapatule akhale manja awiri, koma ma teni awiri usawapatule. Ndipo ukakhala ndi leveni, wirikiza chimene waika, ulandire khadi limodzi lokha. Anzake ankamuzungulira kumufunsa chochita, iye mtima uli m'malo.

Machesi anasanduka matiki, tindalama tachitsulo. Matiki atatha kunapita tambala wa m'khola, kenako jekete.

A Regina anaona kuti mwana wawo akupita kutchalitchi ndi malaya okha. "Jekete lija lili kuti?"

"Ndabwereka mnzanga, amayi."

"Mnzakoyo ndi uja woyala thumba kuseri kwa sitolo? Mwana wanga, munthu amene akukuphunzitsa kumugonjetsa, dziwa kuti pali china chimene wasunga m'thumba."

A Agostino sanachulutse mawu. "Yoweli, nzeru zako ndi mphatso ya Mulungu. Usakazigulitse kwa munthu amene salima koma amadya."

"Atate, ine sindiseweretsa mwayi. Ndimawerengera."

"Nanga jekete lija unaliwerengera bwanji?"

Koma mumtima Yoweli anati akuluakulu sadziwa masamu.

Mu Okutobala, mitambo itayamba kusonkhana, atate ake anamutuma kukanoletsa pulawo kwa wosula zitsulo. Anaikweza pangolo n'kunyamuka m'mawa. Pobwerera, dzuwa lili paliwombo, anapeza Whiteson atakhala pamthunzi wa sitolo, njinga ataitsamiritsa kukhoma.

"Mkamwini wa mawa akuyenda wapansi ngati ng'ombe zakezo," anatero Whiteson akuseka. "Imelda akanakoma bwanji pakaliyala ka njinga iyi."

"Ndilibe choika, a Whiteson."

"Uli nacho pangolopo. Sitidula chitsulo ayi, tingoyesa kuti pulawo ili ndi magawo awiri, njinganso magawo awiri. Ika theka lokha. Ukaluza udzaliwombola pang'onopang'ono."

Yoweli anamangirira ng'ombe pamtengo n'kukhala pansi. Analandira seveni ndi folo. Leveni. Khadi looneka la Whiteson linali sikisi. Panalibe dzanja lokoma kuposa limeneli. Ma teni ndi ochuluka mumpukutu, ndipo wogawa wokhala ndi sikisi amapsa kawirikawiri.

"Ndawirikiza," anatero. "Pulawo yonse."

"Njinga yonse," anavomera Whiteson, n'kumuponyera khadi limodzi.

Linali fili. Fotini.

Whiteson anatembenuza khadi lake lobisika. Linali mfumu, kupanga sikisitini, ndipo lamulo loti wogawa saima asanafike pa seventini linamukakamiza kuonjeza. Khadi linagwa pathumba: folo. Twente.

"Sunalakwitse kanthu, mphwanga," anatero Whiteson akusonkhanitsa makhadi. "Ngakhale ine ndikanawirikiza. Tsitsa pulawo."

Anyamata awiri anathandiza kuitsitsa. Yoweli anangoima, manja ali lende. Pamenepo Whiteson anamukokera pambali n'kutsitsa mawu.

"Ndikuuze chimene sindinakuuze. Wosewera ndiye amayamba kutenga makhadi. Akapsa, chake chapita, ngakhale wogawa apse pambuyo pake. Nzeru zonse zija zimangochedwetsa kuluza. Wodya ndi wogawa. Tenga mpukutu wanga wina, uzikagawa kwa Mlolo, tizigawana. Miyezi iwiri yokha pulawo yabwerera. Atate ako uwauze kuti wosula sanamalize."

Yoweli anaulandira mpukutuwo. Anamasula ng'ombe n'kuyamba ulendo, ngolo ikulira yopanda kanthu. M'njira anayesa kuganiza za anthu amene akawadyere kwa Mlolo. Onse ankawadziwa. Wina anali msuweni wake, wina anali mlongo wake wa Imelda, amene anali atangogula mbuzi ziwiri. Pulawo ya atate ake ikanabwerera ndi misozi ya m'nyumba zimenezo. Atafika pamphambano anaimitsa ngolo, nabwerera wapansi mpaka kusitolo, n'kuika mpukutu uja pathumba la Whiteson.

Kunyumba anapeza makolo ake akusenda nsawa za mbewu pakhonde. Anagwada n'kufotokoza zonse, osabisa ngakhale bodza la jekete. A Regina analira mwakachetechete. A Agostino anapitiriza kusenda kwa kanthawi.

"Ukanandinamiza, ndikanataya pulawo ndi mwana yemwe," anatero pomaliza. "Lero ndataya pulawo yokha. Khasu lili kuseri kwa nkhokwe."

A Agostino anapita okha kukachonderera Whiteson, koma anapeza pulawo itagulitsidwa kale kwa munthu wa ku boma. Mvula itagwa, ng'ombe zinkangodya msipu pamene Yoweli ankagaula munda wonse ndi khasu. Manja anatuluka matuza, matuza anaphulika, n'kusanduka zikanga. Yoweli anakaulula kwa ansembe atabwera kudzachita Misa, ndipo akuchikazi anati ukwati udikire chaka china kuti amuone khalidwe.

Tsiku lina Imelda anamupeza kumunda. "Ndamva kuti munkafuna kundikweza panjinga," anatero. "Ine miyendo ndili nayo. Chimene sindingathe ndi kugona m'nyumba imene mwini wake angaiike pakhadi."

"Sindidzagwiranso makhadi."

"Tidzaona pokolola." Imelda anatola khasu lina n'kuyamba mzere woyandikana ndi wake.

Zokolola za chaka chimenecho zinachepa, koma njala sinalowe m'nyumba. Chaka chotsatira awiriwo anakwatirana, ndipo Yoweli anakhala mlimi wokhutira ndi thukuta lake mpaka imvi.

Wachinyamata iwe, imva. Njuga ilibe katswiri. Ungadziwe poima, poonjeza ndi powirikiza, koma amene anayala thumba sanaliyale kuti iwe ulemere. Yoweli anapulumuka chifukwa anabwerera pamphambano. Ambiri amene amati "ine ndimawerengera" amapitirira ndithu.