Bulangete la Pansi pa Chitseko

Mtsikana wa m'chipinda cha kumapeto anamata mathireyi a mazira makoma onse anayi, n'kuuza anzake a pakoleji kuti akufuna kumamvera nyimbo mokweza osasokoneza munthu. Zoona zake zinali zakuti usiku ankagona m'menemo ndi khanda lake la miyezi itatu, limene masana ankalisiya kwa azakhali ake. Lamulo la hositelo linali lodziwika: mayi woyang'anira akangomva mwana, katundu panja. Choncho mwana akayamba kulira, iye ankakweza wailesi.

Lolemba m'mawa anapeza chodabwitsa. Mpata wa pansi pa chitseko unali utatsekedwa ndi chidutswa cha bulangete lakale, chopindidwa bwinobwino, koma iye sanachiikepo.

Usiku wotsatira anamva mapazi opanda nsapato akubwera pang'onopang'ono m'khonde lamdima, n'kuima pakhomo pake. Kenako kukanda, kwe, kwe, ngati zikhadabo pathabwa. Anakumbatira mwana mpaka kunja kunacha. M'mawa, m'bowo la kiyi munali thonje.

"Ndi mzukwa wa mtsikana amene anafera m'chipinda chakocho," anamunong'oneza mnzake wa chipinda choyandikana. "Akuti nyimbo zako zautopetsa. Ifenso zatikwana, aise."

Lachitatu magetsi anazima pakati pa usiku. Wailesi inangoti zii, mwana n'kuyamba kulira kosatonthozeka. Mapazi aja anabweranso. Mtsikanayo anaganiza kuti bola achione ndi maso chimene chikulondola mwana wake. Anatsegula chitseko.

Pakhomopo panali patagwada mayi woyang'anira aja, tochi ili kukamwa, m'manja muli bulangete lina.

Anachotsa tochiyo. "Mwanawe, mathireyi akowa ndi ongokongoletsa. Phokoso limathawira pansi pa chitseko ndi m'mabowo. Bulangete ili ulipachike kuchitseko."

"Mayi, chonde, mayeso atsala milungu iwiri yokha…"

"Ine ndamva chiyani? Wailesi basi." Anatambasula manja, n'kulandira kamwanako, ndipo kanatonthola pachifuwa pawo. "Koma uichepetse, timakutu iti n'tanthete. Wanga ndinamubisa m'chipinda chomwechi, ndipo wailesi ndinkaikweza kuposa iweyo. Mpaka lero, ndikafuna kumuitana ndimachita kumugwira paphewa."

Magetsi atayaka, wailesi inabangulanso. Mtsikanayo anathamanga n'kuizimitsa.