Kajekete ka Pachingwe

Dzuwa litapendeka, Tione anatuluka kukaanula zovala. Kumapeto kwa chingwe anali atayanikako tizovala take, totalika ngati chikhatho. Kukoleji ya zosokasoka ku Blantyre anawauza kuti aziyamba asoka tating'ono, aone ngati kadulidwe kakhala bwino asanawononge nsalu yeniyeni. Tchuthi chikatha ankayenera kukatipereka ngati mayeso.

Kadiresi kanalipo, kasiketi kanalipo. Kajekete panalibe.

M'mawa anakapeza pakhonde, m'khwapa mutang'ambika, kolala itada bii. Kankanunkha thukuta la munthu wamkulu ndi dothi lonyowa.

"Amayi, munakagwira ndinu?"

"Ine? Ndilowetsemo chala?"

Apa n'kuti Walter wakabaza atangoikidwa kumene. Anagwa panjinga pamsika wa Lirangwe, osadwala, n'kufera pomwepo. Tsopano anthu ankamva timapazi kuseri kwa nyumba, ndi kamluzu kamene iye ankaitanira okwera. Kajekete kankasowa madzulo n'kubwera kutacha, ngakhale Tione akatsekere m'sutikesi.

Anthu a m'mudzimo sanali opusa. Anali ataika mnyamata wathanzi, ndipo ndani sadziwa kuti ndondocha, munthu wophedwa m'matsenga kuti azigwirira wina ntchito, imakhala yaifupi? Tsono wina akamasoka zovala zazifupi, iwo aganize chiyani? Komatu nayenso Tione sankanama ponena kuti n'ta mayeso.

A Goodson, eni chigayo, ndiwo anatsogolera gulu lopita kwa Tione.

"Mtsikana iwe, tizovalati n'ta ndani?"

"Ta mayeso."

"Mayeso amavala? Loweruka makina ako osokerawo tiwatentha, iweyo uzipita kutauni kwakoko."

"Kwathu ndi kuno, bambo. Makinawa sapsa, ndipo ine sindisuntha."

Mayi ake anamudandaulira kuti angotaya tonse m'chimbudzi. Koma Tione anavala jumbo kumanja, n'kupita kumtsinje kukathyola chitedze. Anamasula nsalu yam'kati ya kajekete, anakutumuliramo ubweya woyabwawo, n'kusokanso bwinobwino. Kenaka anakayanika yekha, anthu akuona.

Loweruka m'mawa gulu linabwera. Makina anawatulutsira pabwalo, a Goodson atagwira botolo la palafini. Machesi asanapezeke, kunamveka kulira kuchokera kuchigayo, komwe kunali kokhoma. Mawu ake anali aang'ono ngati a khanda, koma okhwima.

"Mayo ine! Ndivuleni! Bwana, ndivuleni!"

Galu anayamba kuuwa. Mayi wina anagwada pansi, manja kumutu. Anali mayi ake a Walter.

"Ameneyo ndi mwana wanga."

M'pamene anthu anayang'ana manja a a Goodson. Anali otupa, ofiira mpaka m'zigongono, ndipo eni akewo ankawakhuza pabuluku mobisa.

"Mumamuvula ndinu, eti?" anafunsa Tione. "Kanakana kuvuka?"

Botolo linagwa. A Goodson anabwerera chafutambuyo, n'kuliyatsa liwiro lolowera kumsewu. Palibe anawathamangitsa, ndipo m'mudzimo sanaonekenso.

Amuna atathyola chitseko cha chigayo anapeza ufa uli mbwee pansi, timapazi titapondaponda ponse. Kajekete kanali pakona, kakadali kofunda. Mayi a Walter anakatola ndi manja osavala kanthu, osasamala kuyabwa.

"Ankangomva kuzizira," anatero chapansipansi. "Ankaba chifukwa cha kuzizira."

Mawu amenewo anamulasa Tione. Chitedze chija chinawulula mwini chigayo, inde, koma amene analira nacho anali Walter.

Tione ananyamula makina ake, koma sanalowe nawo m'nyumba. Anawakhazika pakhonde, n'kudula bulangete lake lakukoleji.

"Ukusokanso?" anafunsa mayi ake mwamantha. "Anthu ati chiyani?"

"Anene zomwe akufuna."

Anthu anaima poteropo, kumvetsera makina akulira. Tione anasoka kajasi kochindikala, ka mabatani osavuta kumanga, n'kukapachika. M'mawa panalibe, ndipo sikanabwerenso.