Zitini Zinayi pa Bwalo Lakale la Ndege

Kopolo Chester Jere anatuluka m'kachipatala ka kumudzi kwawo, kumwera kwa Luwawa, teni koloko ya usiku itadutsa kale. Mlongo wake Judith anali mkatimo, mwana akukanika kubadwa, mlatho wopita ku Mzimba utapita ndi madzi. Chester anali patchuthi, koma anaimbira akuluakulu ake kubwalo la ndege za asilikali. Yankho linali lalifupi: helikopita ikubwera, ayatse moto poti itere.

Anadzaza mchenga m'zitini zinayi, natenga palafini, ulendo wa kubwalo la mpira. Njira yake imadutsa kumanda. Msilikali saopa manda, amatero ndithu, makamaka masana.

Kumbuyo kunamveka majombo. Gu... gu... gu... Anaima. Nawonso anaima. Anacheuka.

Bambo wamtali! Yunifomu yakalekale, chipsera pachibwano.

"Kumpira yayi, Kopolo," anatero bamboyo. "Mbwenu upha anthu. Nditsate."

Chester anamutsatira. Analowa m'mitengo ya paini. Mdima bii! Mwadzidzidzi anatulukira pachidikha chachitali, chosalala, chomwe iye ankangochidziwa ngati podyetsera ng'ombe.

"Chitini apa. China apo. Lawi liwauza a m'helikopita kochokera mphepo."

Chester anayatsa chachinayi, n'kutembenuka kuti athokoze. Panalibe munthu... ngakhale udzu wopondeka!

Helikopita inatera pakati pa zitinizo, Judith anafika naye pamachira, n'kukwezedwa. Kaputeni Rachel Phiri, woyendetsa, anakuwa kuti amveke: "Mwachita bwino kusiya bwalo la mpira! Nyali yathu yaona mawaya a magetsi atadutsa pamwamba pake. Tikanathera pomwepo!"

Kutacha, foni inalira. Mwana wamwamuna, mayi ali bwino. Chester anavina yekha pamsewu, misozi ili mbwembwembwe, anthu opita kumunda akumuseka.

Tchuthi chitatha, anabwerera kuntchito. Pakhomo la holo ya asilikali pali zithunzi za amene anayambitsa bwalo lawo, zomwe Chester ankazidutsa tsiku ndi tsiku maso ali kuchipinda chodyera. Tsikulo anaima. Chachitatu kuchokera kumanzere... chipsera pachibwano!

Pansi pake analemba kuti: Sajeni Zondwayo Mhango. Analambula mabwalo a ndege kumpoto kuti odwala azifikiridwa. Anamwalira mu 2003.

Chester anaongola msana, namenya sawatcha.

"Yewo chomene, Sajeni. Mwanayo tamutcha dzina lanu kuyambira lero."