Pepala Logona Chopingasa

Lamulungu m'mawa, pa 28 Julaye, a Thangavelu atatsegula ofesi yawo anapeza pepala limodzi litachoka pamulu n'kugona chopingasa pakona ya tebulo. Mazenera anali chitsekere, fani yozimitsa, loko wa pachitseko ali bwinobwino.

Ofesiyo inali kachipinda kamodzi pamwamba pa shopu ya telala, mumsewu wathu wa m'tauni ya Karaikudi. Kwa zaka makumi atatu a Thangavelu ankalembera anthu kalata za msonkho, poyamba pamanja, kenako pakompyuta. Lamulo lawo linali limodzi. Asanatumize kalata ku boma, mwiniwake ankayenera kusaina pepala lovomereza kuti manambala wawaona, n'kulembapo deti ndi dzanja lake. Kusaina kuyambe, kutumiza kutsatire. Anthu ena ankapereka deti yadzulo kapena kusiya malo opanda kanthu kuti wolemba adzazemo yekha, koma kwa a Thangavelu zimenezo kunalibe. N'chifukwa chake dzina lawo linkalemera kuposa kachipindako.

Woyang'ana madetiwo anali mkazi wawo, a Kanagam. Madzulo ankasanja mapepala otumiza mawa lake, ndipo lililonse lokayikitsa ankaligoneka chopingasa pakona ya tebulo, osanena kanthu. Koma a Kanagam anali atamwalira zaka ziwiri zapitazo.

A Thangavelu ananyamula pepalalo. Linali la a Meyyappan, mkulu wa nyumba yaikulu ya kumsewu wa kukachisi, mwini mashopu asanu ndi limodzi. Mkamwini wa a Meyyappan, Dhanapal, ndiye anabwera nalo dzulo lake, akuti madala atanganidwa. Siginecha inalipo. Deti inalipo, 16 Julaye. Analitembenuza, naliunika kudzuwa, osapeza cholakwa. Komabe dzanja linawalemera. Anatumiza ena onse, ilo analiika pamulu wa mawa.

Masana anatsikira kwa a Basheer, telala uja, kukamwa khofi monga ankachitira tsiku lililonse.

"Ndi mphepo ya mwezi wa Aadi imeneyo, Anna," anatero a Basheer, mapini ali kukamwa. Ankawaitana Anna, kutanthauza achimwene. "Mwezi uno mphepo imanyamula ndi mwala woperera womwe. Nanji kapepala?"

"Mazenera ndinatseka, Bhai," anayankha a Thangavelu, amene ankawaitana Bhai, kutanthauza m'bale.

"Ndiye kuti munalisuntha nokha. Mwakalamba. Dzana munkafuna magalasi ali pamphumi."

"Inu amene munasokera mwana wanga malaya a manja osiyana muli ndi zaka makumi atatu zokha?"

A Basheer anaseka mpaka pini inagwa. Kenako anatenga simbi yakale ya makala, yolemera ngati mwana wa mbuzi. "Kaikeni iyi pamwamba. Tione ngati mphepo yanuyo ili ndi msana."

Lolemba m'mawa simbi ija inali itaimikidwa bwinobwino pansi, pafupi ndi khoma, chogwirira chitaloza kuchitseko kuti munthu asapunthwe. Mulu wa mapepala unali wowongoka ngati woyezedwa ndi lula. Pepala la a Meyyappan lokha linali pakona, chopingasa.

Nkhani inayenda mumsewu dzuwa lisanafike pamutu. Wogulitsa maluwa anati anaona kuwala kwa nyali kuzenera la pamwamba cha m'ma thuu koloko usiku. Wa pahotela anati agalu a mumsewu anasiya kugona pamakwerero aja. Ena ankanong'onezana kuti a Basheer ali ndi kiyi wina. A Basheer atamva anaponya tepi yoyezera patebulo n'kunena kuti mawondo awo anasiya kukwera makwerero amenewo chaka chimene a Kanagam anadwala, ndipo aliyense wokayikira abwere awanyamule.

Madzulo Dhanapal anaimba foni, nayamba ndi Ayya, mawu aulemu oitanira bambo wamkulu.

"Ayya, uthenga woti mwatumiza sunafikebe. Lachitatu ndi tsiku lomaliza."

"Ndikudziwa, Thambi," anatero a Thangavelu, powaitana monga aitanira mng'ono.

"Nanga chikuvuta n'chiyani? Asaina, deti ilipo. Olemba misonkho ndi ambiri m'tauni muno, achinyamata a zala zofulumira. Mawa m'mawa mukapanda kutumiza, ndidzatenga mafayilo onse a banja lathu. Anthu adzafunsa chifukwa chake, ndipo ine ndidzawauza kuti mwayamba kuona mizukwa."

A Thangavelu anaika foni patebulo. Banja la a Meyyappan ndilo linali loyamba kuwakhulupirira atangofika m'tauni muja ndi sutikesi imodzi ndi mkazi wa zaka makumi awiri. Likachoka, ena atsatira. Koma akatumiza kalata yokhala ndi bodza, bodzalo likapita ndi dzina lawo.

Usiku umenewo sanapite kunyumba. Anasanja mapepala, naika la a Meyyappan pamwamba penipeni kuti likhale loyamba kutumizidwa, kenako anayala mphasa kuseri kwa kabati n'kuzimitsa magetsi.

Mphepo ya Aadi inkakankha malata a shopu za tsidya, kuwasiya, n'kuwakankhanso. Basi yomaliza ya ku Madurai inadutsa, kuwala kwake kunayenda padenga n'kuzimirira. Kenako kunada mdima woti munthu sungaone chikhatho chako. A Thangavelu anamva wotchi ya kukhoma, anamva buluzi akulira kuseri kwa chithunzi, anamva mtima wawo. Sanadziwe nthawi imene mphepo inaleka, anangozindikira kuti kwangoti zii, ngati msewu wonse wagwira mpweya.

Ndiye anamva kaphokoso pasimenti. Ke. Ke. Ke. Pang'onopang'ono, kuchokera kuchitseko kulowera kutebulo. Kanali kaphokoso ka mphete zasiliva zimene mkazi wokwatiwa amavala kuzala za kuphazi. Zaka makumi atatu ndi zisanu anakamva m'nyumba mwawo m'bandakucha uliwonse, ndipo phazi lamanzere linkachedwa pang'ono chifukwa cha bondo. Apanso linkachedwa.

Pepala linakwekweseka pathabwa. Kenako mapaziwo anapita kukhoma kumene kunali kalendala yong'amba tsamba limodzi tsiku lililonse. Masamba ong'ambidwawo a Kanagam sankataya, ankawabaya pamsomali wautali, ndipo a Thangavelu anapitiriza mwambowo osadziwa chifukwa chake. Tsopano masambawo ankalira limodzilimodzi, tswa, tswa, tswa, monga amachitira munthu wonyowetsa chala ndi malovu akuwerenga.

A Thangavelu anafuna kuitana dzina la mkazi wawo, koma m'zaka zonse za ukwati wawo sanawaitanepo ndi dzina, ankangoti "Tamverani." Ananong'ona choncho.

Masamba analeka kulira. Panapita kanthawi. Kenako anayambanso, mosafulumira, ngati munthu amene wamva koma akufuna amalize kaye ntchito.

Kutacha anadzuka n'kupita kutebulo. Pepala linali pakona, chopingasa. Pamwamba pake panali tsamba la kalendala la pa 16 Julaye, bowo la msomali lili lozungulira bwino, losang'ambika. Anapita kukhoma. Masamba khumi ndi atatu amene anali pamwamba pa tsambalo anali pamsomali momwemo, motsatana, fumbi lawo losakhudzidwa.

Anayang'ananso tsambalo. Pansi pa nambala panalembedwa dzina la tsiku: Lachiwiri.

Anakhala pansi. Kalekale bambo owabereka a Meyyappan anasaina pepala limene linawalanditsa chigayo cha mpunga tsiku Lachiwiri, ndipo kuyambira pamenepo mwana wawo sankagwira cholembera Lachiwiri, ngakhale kusaina kalata ya positi. A Kanagam ankadziwa zimenezi, monga ankadziwira amene samwa khofi wa shuga ndi amene amanama msinkhu. A Thangavelu anali ataiwala.

Anavala malaya oyera n'kupita kunyumba yaikulu ija. Mkazi wa a Meyyappan, a Visalakshi, ndiwo anatsegula.

"Mwatikumbuka lero? Mwamuna wanga wagona milungu itatu, inu osabwera."

"Agona? Sindinamve, Aachi," anatero, powaitana monga timaitanira mayi wamkulu kuno.

"Dhanapal sanakuuzeni? Dzanja lamanja linafa pa 8. Supuni yomwe ndimawagwirira ine."

A Meyyappan anali pakama m'chipinda cha mkati, pakamwa patapotoka pang'ono koma maso ali akuthwa. A Thangavelu anawaonetsa pepala. Mkuluyo anayang'ana siginecha nthawi yaitali, kenako deti, kenako tsamba la kalendala, ndipo anayamba kugwedezeka. Ankaseka.

"Wandibera dzanja... koma Lachiwiri? Mbuzi! Zaka khumi ndi ziwiri akudya mpunga wanga." Anapuma. "Werengani manambala."

A Thangavelu anawerenga. Pa mashopu asanu ndi limodzi, kalatayo inkatchula lendi ya anayi okha. Awiri enawo Dhanapal anawauza a Thangavelu kuti ndi otseka. A Visalakshi anagwira pakamwa. Mashopuwo anali otsegula, ndipo wotolera lendi chiyambireni matenda anali yemweyo.

"Konzani," anatero mkuluyo. "Lembani onse."

"Ndikonza lero lomwe, Ayya. Musaine ndi lamanzere madzulo ano, ndipume."

"Lero n'lachingati?"

A Thangavelu anakumbukira kuti linali Lachiwiri.

"Mawa," anatero a Meyyappan. "Boma lidikire ngati mmene ndimalidikirira ine."

Lachitatu m'mawa, tsiku lomaliza, mkuluyo anasaina ndi dzanja lamanzere, a Visalakshi atagwira pepala. Deti yokha inawatengera mphindi zisanu. Nambala 3 inkaoneka ngati mbalame yothyoka phiko, koma inali yawo. Dhanapal anali atapita kwa mlongo wake ku Tiruchi usiku wa Lachiwiri, ndipo foni sanaimbenso. Kalata inapita nthawi ya leveni, dziko lonse likukankhana pa intaneti.

"Ndiye anasuntha simbi yanga ndani?" anafunsa a Basheer masana, akuthira khofi.

"Mphepo, Bhai. Munanena nokha."

A Basheer anawayang'ana pamwamba pa magalasi, osafunsanso. Anangoti simbiyo aisunge komweko, iwo sakuifunanso.

Madzulo a Thangavelu anasesa ofesi, nang'amba tsamba la 31 n'kulibaya pamsomali. Patebulo panatsala pepala limodzi la mayi wina wochedwa, loti litumizidwe mawa lake. Analiwerenga kawiri, deti ili bwino. Komabe analiika pakati pa tebulo, mowongoka, n'kukokera mpando wa a Kanagam pafupi kuti bondo lija lisavutike.

"Tamverani," anatero ali pachitseko, kiyi m'manja. "Limodzi lokha lero. Musachedwe nalo."

M'mawa analipeza mmene analisiyira, lowongoka. Mpando wokha ndiwo unali utabwezedwa pansi pa tebulo.