Mapaipi a M'denga

Nyumbayo inali ya zipinda zitatu, ya geti lobiriwira, ndipo munalibe mpopi wodontha ngakhale umodzi. Mwini wake anali pulambala. Mapaipi onse a m'denga anaika okha, a kopa weniweni, mwana wawo wamwamuna atawagwirira tochi. Anamuphunzitsa kugwira sipanala, kudula paipi ndi sowo mosapotoza, ndiponso kupemphera asanadye. Ntchito itasowa, bambowo anapita kukagwira kudziko lakutali, n'kusiya akazi awo, mnyamatayo ndi kamtsikana ka chaka chimodzi.

Zinatha zaka zisanu ndi ziwiri akungoonana pafoni Lamulungu lililonse masana. Kamtsikanako kanakula kakudziwa bambo ake ngati nkhope ya pagalasi. Kenako maviza anatuluka, a anthu atatu, koma anali ndi tsiku lake: akalowe m'dzikolo isanathe miyezi itatu, apo ayi mapepalawo afa. Matikiti ndi zokayambira moyo kumeneko zinayenera kuchokera m'nyumba yomweyo. Wogula anapezeka msanga, dokotala wa mano, ndipo mtengo anagwirizana. Chinatsala n'kudikira banki ya dokotalayo, kuyendera nyumba komaliza, basi n'kusaina.

Amayi anasiya ntchito yawo yauphunzitsi. Anagulitsa mabedi, firiji ndi wadiropu, m'nyumba n'kutsala matiresi, mipando inayi ya pulasitiki ndi masutikesi. Giza yotenthetsa madzi anaizimitsa, n'kutseka mpopi wake wa kuseri kwa bafa kuti magetsi asamathe. Anadzigulira chijasi chachikulu cha kozizira, ndipo ankachiyesa pagalasi akaganiza kuti palibe akuwaona.

"Iwe, tamvera," anatero bambo pafoni. "Nyumbayo ndi yathu mpaka tsiku limene mayi ako adzapereke makiyi. Msomali ngakhale umodzi usachoke."

"Ndamva, bambo."

Kumva anamva, koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Mnyamatayo anali ndi zaka makumi awiri, sukulu anamaliza, ndipo ankati kufuna ntchito n'kutaya nthawi poti akupita. Ankaswera kuseri kwa malo ometera, komwe kunali tebulo la pulu ndi mowa wozizira. Kumeneko anamupatsa dzina loti Wakunja.

"Wakunja walowa! Mpatseni mpando, asadetse thalauza!"

"Ukutisiya chonchi, kukhosi kuli gwa? Munthu wopita amatsanzika, mphwanga."

Dzinalo linamukomera kuposa mowawo. Munthu wotchedwa Wakunja sangamwe za anzake, ayenera kugula. Anagula tsiku loyamba, lachiwiri, ndipo lachitatu m'thumba munali mbee. Ndiye anakumbukira zidutswa za mapaipi zimene bambo ake anasiya m'chipinda chosungira zida. Anaziika m'thumba n'kupita nazo kwa wogula zitsulo zakale, bambo wamimba yaikulu amene aliyense ankamutchula kuti Sikelo.

Sikelo anakanda chidutswa chimodzi ndi mpeni, n'kuimba mluzu. "Uyu ndiye kopa. Alipo wina?"

"Watha. Wotsala ali m'denga."

"Denga la ndani?"

"Lathu."

"Lanu?" Sikelo anaseka mpaka mimba kugwedera. "Si mwagulitsa? Nyumba imeneyo ndi ya dokotala, mphwanga. Ndipo dokotala wa mano amasuzumira m'kamwa, osati m'denga. Podzazindikira, iwe uli m'mitambo, akukupatsa chakudya pathireyi."

Tsiku limenelo mnyamatayo anakana. Koma mawu aja anapita nawo kunyumba, ndipo anayamba kuiona nyumbayo ngati yopanda mwini: kwa iwo yachoka, kwa dokotala sinafike. Anayamba ndi mpopi wa kumaluwa. Anaumasula, n'kutseka paipi bwinobwino monga bambo ake anamuphunzitsira.

"Mpopi wa kumaluwa wapita kuti?" anafunsa amayi ake m'mawa mwake.

"Akuba, amayi."

"Akuba aulemu bwanji, otseka paipi kuti madzi athu asatayike." Anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ukununkha mowa dzuwa lisanakwere. Mwana wanga, wakutsina khutu ndi mnansi. Ndadikira bambo ako zaka zisanu ndi ziwiri, usandigwetse ndili kale pakhomo lotulukira."

"Mumangondiganizira zoipa," anatero iye, n'kutuluka.

Masiku amenewo amayi ankakhalira kumaofesi, lero kwa loya, mawa kwa ajenti amene ankagulitsa nyumbayo. Akangotseka geti, mnyamatayo ankatenga makwerero. M'denga munali kutentha ndi fumbi. Mapaipi a madzi otentha anali gone pamwamba pa matabwa, owongoka, ouma, poti mpopi wa giza unali wotseka. Anadula woyamba. Wachiwiri sanavute n'komwe.

Tsiku lina potsika anapeza mlongo wake ataima pansi pa makwerero, chikwama cha kusukulu chili kumsana.

"Achimwene, mumatani m'dengamo?"

"Ndikupha makoswe."

"Makoswe ake amalira ngati sowo?"

"Ukanena kwa amayi, ndikusiya pabwalo la ndege wekha."

Mwanayo anatseka pakamwa. Pomatha milungu itatu, mapaipi opita kubafa ndi kukhitchini anali atapita, ngakhalenso wolowetsa madzi mu giza. Kuseri kwa malo ometera Wakunja anali mfumu. Koma anthuni, kopa amene bambo anagula pang'onopang'ono kwa zaka ziwiri anathera m'zikhodzodzo za anthu osadziwa n'komwe dzina lake lenileni.

Lachinayi lina amayi anabwera akumwetulira. "Banki yavomera. Mawa m'mawa adokotala akubwera ndi ajenti kudzaona komaliza, tikasaina masana."

Mnyamatayo mowa unamuthera m'mutu nthawi yomweyo. Anathamangira kwa Sikelo kuti amubwezere mapaipi.

"Mapaipi ati? Ine ndimagula zitsulo, sindifunsa kwawo. Lole inatenga dzana."

Mnyamatayo anabwerera kunyumba, n'kudula paipi ya pulasitiki yothirira maluwa. Anaiveka kumapeto kwa zitsa za kopa, n'kukulunga ndi mphira wa chubu cha njinga. Ankadziwa kuti sizingagwire. Mwana wa pulambala angalephere kudziwa zimenezo? Anangodziuza kuti palibe amene adzatsegule giza.

Dokotala anabwera ndi akazi ake, ajenti, ndiponso mlamu wake womanga nyumba. Anayenda chipinda ndi chipinda, mawu akumveka m'nyumba yopanda katundu. Zonse zinali bwino. Atafika kubafa, akazi a dokotala anafunsa ngati madzi otentha amatuluka.

"Amatuluka mpaka kukuwotchani," anatero amayi monyadira. "Mapaipi ake anaika ndi amuna anga, ndi manja awo. Dikirani nditsegule, tikamaona mapepala giza ikhale ikudzaza."

Amayi anazungulira kuseri kwa bafa. Mnyamatayo anamva mpopi ukulira potseguka.

Onse anakhala pabalaza, ajenti n'kuyala mapepala pamwamba pa sutikesi. Mnyamatayo anatsamira khoma. Pamwamba pake anamva madzi akuthamanga, kenako kaphokoso ngati munthu watsegula botolo, kenako madzi akukhuthukira pa siling'i. Kuchokera pamene anaima kufika kuseri kwa bafa panali mapazi makumi awiri okha. Akanathamanga n'kutseka, akanangochita manyazi basi. Koma kuthamanga kunali kuulula, ndiye anangoima.

"N'chiyani chikumveka?" anafunsa dokotala.

"Ndi giza, ikudzaza," anayankha mnyamatayo. Mawu ake anatuluka bwinobwino, ngati a munthu wina.

Mlongo wake anamuyang'ana, iye n'kuyang'ana pansi. Ajenti anapitiriza kuwerenga. Pa siling'i panaoneka banga, linakula, linatupa. Dontho loyamba linagwera papepala. Asanadzuke n'komwe, siling'i yonse ya pabalaza inatsika ndi madzi, fumbi la zaka ndi zidutswa za paipi yobiriwira.

Palibe anavulala, palibenso anakuwa. Amayi anakhalabe pampando, madzi akuda akuyenderera kumaso, peni ili m'manja. Anali mlamu wa dokotala amene anathamanga kukatseka mpopi. Pobwera anakwera makwerero ndi tochi, ndipo sanachedwemo.

"Mulibe mapaipi," anatero potsika. "Ndipo amene wadula amaidziwa ntchito. Sanapotoze ngakhale pamodzi."

Dokotala anapukuta magalasi ake. "Mayi, pepani. Ngati m'denga muli chonchi, m'makoma muli zotani? Nanga mawaya amagetsi? Ine sindingasaine."

"Tikonza," anatero amayi motsitsa.

"Konzani. Koma ine ayi."

Geti litatsekeka, amayi anayamba kutsegula masutikesi, kutulutsa zovala zonyowa n'kumakaziyanika. Chijasi chija anachiyanika kumapeto kwa chingwe. Mnyamatayo anawatsatira panja.

"Amayi, ndine."

"Ndikudziwa. Ndipatse mapegi."

Anayembekezera mbama, kapena kulira, kapena kuthamangitsidwa. Zimenezo zikanamupepukira. Amayi anangopitiriza kuyanika, malaya pambali pa malaya.

Ajenti anayesa. Anabweretsa anthu awiri, koma mbiri inali itawanda kale, ndipo munthu akalowa pabalaza n'kuona malata pamwamba ankangoti adzaimba foni. Wina anatchula mtengo wachipongwe, n'kunenanso kuti banki yake ifuna miyezi iwiri. Masiku otsala anali khumi ndi asanu ndi limodzi. Amayi anapita kusukulu kukapempha ntchito yawo, anapeza pampando pawo pali kale mphunzitsi wina. Mnyamatayo anadutsa kuseri kwa malo ometera kamodzi, akufuna woti amuthandize kunyamula zinyalala za siling'i.

"Wakunja! Kodi ndege yakusiya?" Anzake aja anaseka, n'kupitiriza kusewera pulu.

Tsiku lolembedwa pa maviza linagwa Lamulungu. Kunacha ngati masiku onse. Amayi anasesa, anaphika, anadya pang'ono. Kamtsikana kanakhala pa sutikesi yake katavala nsapato zatsopano zimene kanasungira ulendo, ndipo palibe anakauza kuti kavule. Masana foni inalira.

"Ndipatse mnyamatayo," anatero bambo.

Mnyamatayo anailandira ndi manja awiri. Nkhope ya pagalasi inali ndi imvi zimene iye anali asanazionepo.

"Unadulira sowo yanga?"

"Eya, bambo."

"Akuti unadula mowongoka."

Bambo anapitiriza.

"Ndafunsa kuno. Akuti tikayambiranso, ndi zaka ziwiri kapena zitatu. Mayi ako ndi mlongo wako angathe kudzabwera. Iwe udzakhala utapitirira msinkhu wobwera ngati mwana wanga. Ndinachita lendi nyumba ya zipinda ziwiri. Chako ndinachipenta mwezi watha. Mpatse foni mayi ako."

Amayi anaitenga n'kukhala pa matiresi. Anayang'anana ndi amuna awo. Mnyamatayo anaima pakhomo kudikira kuti amve zimene anene, koma sananene kanthu, uku ndi uku, mpaka foni inazima yokha. Kenako amayi anapinda chijasi chija, anachiika kumutu ngati pilo, n'kugona chotembenukira kukhoma dzuwa likadali pamwamba.

M'mawa mwake mnyamatayo anatenga bokosi la zida za bambo ake n'kupita kwa mlamu wa dokotala uja. Anamupeza pamalo pomwe ankamanga, n'kunena zonse osabisa kanthu.

"Ndiye ndilembe ntchito wakuba?" anafunsa womangayo.

"Muzindisecha potuluka."

Anamulemba, ndipo ankamusechadi madzulo aliwonse pamaso pa anzake. Mowa anausiya. Mwezi ukatha amagula paipi imodzi ya kopa, n'kukwera nayo m'denga. Paipi imene anaidula m'mphindi zisanu imamutengera mwezi wathunthu kuti aibwezere. Mlongo wake ndiye amamugwirira tochi, koma salankhula naye zambiri. Mumsewu amamutchulabe Wakunja, ndipo amayankha.

Ananu, imvani izi. Kuba kulibe dzina lina, ngakhale chinthucho chikhale cha m'nyumba mwanu, ngakhale mudziuze kuti mwini wake sanafike. Mnzako wokunamiza kuti palibe adzaone sadzakhalapo tsiku loonekera. Ndipo mukamva madzi akukhuthuka m'denga, thamangani mukatseke, muulule nthawi ikadalipo, chifukwa manyazi amatha koma madzi akatayika saoleka. Mnyamatayo analapa, ndipo Mulungu amakhululuka. Koma tsiku la pa viza silinabwerere, ndipo amayi ake mpaka lero amatenga zovala zawo m'sutikesi.